Funsani Amisiri: Paipi Ikaphulika Usiku, Muimbira Ndani?

Funso: Madzi atabwera usiku, paipi ya kuseri kwa bafa lathu inaphulika. Tinaimbira pulambala yemwe nambala yake tinaiona pachikwangwani chokhomedwa pamtengo m'mbali mwa msewu. Anatchula mtengo wokwera, ife n'kungolipira poti madzi anali atafika kale pabalaza. Patatha masabata awiri pamalo pomwepo payambanso kudontha, ndipo foni yake sikupezeka. Wodalirika timampeza bwanji? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Pepani mayi. Munthu amene madzi akumulowera m'nyumba sanenerera mtengo, ndipo akamberembere amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake chinthu choyamba si nambala ya pulambala, koma kudziwa potsekera madzi. Pafupi ndi mita yanu pali valavu imene amisiri amati stop cock. Pitani mukaione lero lomwe, muitseke ndi kuitsegula kangapo. Zambiri zimauma ndi dzimbiri chifukwa zimatha zaka osakhudzidwa, ndiye tsiku la ngozi chogwirira chimangothyokera m'manja. Ngati yanu yauma kapena siitseka madzi onse, ikitsani ina chakumbali ya kunyumba kwanu, yachogwirira chongokhotetsa kamodzi. Aliyense pakhomo aidziwe, ngakhale ana okulirapo ndi wantchito.

Mukatseka, tsegulani mpopi wapanja kuti madzi otsala m'mapaipi atuluke. Ngati madzi afika pamene pali masoketi, zimitsani magetsi pa main switch musanaponde. Pong'alukapo kulungani zolimba ndi chingwe cha mphira chodula ku chubu chakale cha njinga, kuyambira chala chimodzi kutsogolo kwa mng'alu mpaka kupitirira. Zikatero mutha kugona n'kufuna mmisiri kutacha, mutu uli m'malo.

Tsono za kupeza munthuyo. Mufuneni vuto lisanagwe. Funsani aneba omwe nyumba zawo zakhala zaka ziwiri kapena zitatu chikonzereni mapaipi, chifukwa ntchito ya pulambala imaoneka bwino tsiku loyamba, kuipa kwake kumadza pambuyo. Funsaninso ogulitsa m'mahadiweya a m'dera lanu. Iwowa amadziwa mmisiri amene amagula zipangizo zabwino ndi amene amapempha lisiti yonama. Amene mwamumva kawiri katatu, muyeseni ndi kantchito kakang'ono monga kusintha washa wa mpopi. Onani ngati wasunga nthawi, ngati wabwera ndi zida zakezake, ndiponso ngati watsegula madzi n'kudikira kuona kuti sipakudontha asanapemphe malipiro. Dziwani kumene amakhala kapena pamene amapezeka masana. Sungani manambala a anthu awiri, osati mmodzi.

Ponena za kuphulika madzi atangobwera, si zachilendo m'madera omwe madzi amasiyasiya. Mapaipi amadzaza mpweya, ndipo usiku anthu ambiri akatseka mipopi mphamvu ya madzi imakwera, choncho polumikizira pofooka pamalephera. Madzi akasiya, tsekani valavu ija. Akabwera, itsegulireni pang'onopang'ono mpopi umodzi uli chitsegukire mpaka mpweya utatha.

Funso: Kodi mapepala a sukulu ndi ofunika kwa pulambala? Ena aluso ndimawadziwa sanapite kukoleji. — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Zoona bambo, alipo aluso omwe anaphunzirira pamanja pa amisiri akuluakulu. Komabe kufunsa satifiketi si chipongwe. Amene anaphunzira kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena anakhoza mayeso a trade test amakhala ndi pepala, ndipo pa trade test Giredi 1 ndiye yapamwamba, Giredi 3 ndi yoyambira. Pantchito yaikulu monga kuyala mapaipi a nyumba yonse kapena kukumba septic tank, pepalalo lionekere limodzi ndi nyumba ziwiri zomwe mungakaone ndi maso.

Kaya ali ndi pepala kaya alibe, manja ake ndiwo amamuulula. Paipi ya PVC amailumikiza ndi soketi, kachidutswa kolumikizira mapaipi awiri, komanso guluu wake, atapukuta ndi kupala pang'ono mbali zonse ziwiri. Mukaona wasonkha kamoto ka mapepala n'kumawotcha kumapeto kwa paipi kuti ifutukuke alowetsemo inzake, muimitseni. Pamalo potenthedwapo pamapyapyala, ndipo m'pamene padzang'aluke. PVC wamba sayenera kupita kumadzi otentha. Paipi ya PPR, yobiriwira ija, imalumikizidwa ndi makina otenthetsa pafupifupi madigiri 260, ndipo ya mamilimita 20 imangofuna masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Akaichedwetsa, pulasitiki imasungunukira mkati n'kuchepetsa njira, inu n'kumadabwa kuti shawa ikutulutsa madzi ngati misozi. Tepi yoyera ya pamazinga imakulungidwa motsata mbali yomwe chitsulo chimazungulira pomanga. Akakulunga mobwerera imafumuka pomanga.

Paipi yochotsa zoipa kuchimbudzi ikhale ya mamilimita 110, ija timati folo inchi, ndipo itsetsereke pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona kwambiri zoipa zimaima panjira. Ndipo musalole kuti akwirire kapena kupaka pulasitala mapaipi asanayesedwe ndi madzi kwa tsiku lathunthu. Kugumula matailosi kumadya ndalama kuposa ntchito yonseyo.

Funso: Mmisiri akufuna ndimupatse ndalama zonse kuti akagule yekha zipangizo. Ndivomere? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Ayi. Akulembereni papepala zinthu ziwiri mosiyanitsa: mndandanda wa zipangizo, chilichonse ndi saizi yake ndi kuchuluka kwake, kenako mtengo wa ntchito ya manja ake. Zipangizo mukagule nokha kapena mupite naye, ndipo yerekezani mitengo m'mashopu awiri. Za ntchito yake mutha kupereka kachigawo poyamba, zotsala akamaliza madzi atayesedwa. Lipirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti umboni utsale. Zitsulo zakale zomwe wachotsa azisiye pakhomo, chifukwa ena amatsuka valavu yomweyo n'kuibwezera ngati yatsopano. Gwirizananinso kuti pakadontha mwezi usanathe adzabwera kudzakonza osalipiritsa. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakana zimenezi.

Funso: Bilu yathu ya madzi yakwera kwambiri koma sitikuona podontha. Pulambala wina akuti akhoza "kukonza mita" kuti iziyenda pang'onopang'ono. — Bambo wa ku Katoto, Mzuzu

Yankho: Ameneyo musamulolenso pakhomo panu. Mita ndi paipi yochokera kumsewu kufika pamitapo ndi za bungwe logawa madzi, kwanuko Northern Region Water Board. Kuiseweretsa kapena kulambalalitsa paipi ndi mlandu, ndipo chindapusa ndi kudulidwa madzi zimagwera mwini akaunti, osati mmisiri. Pakadontha pamita kapena kumsewu, dziwitsani a bungwelo. Pulambala wanu amayambira pamene paipi yatuluka m'mita kulowa kwanu.

Yesani chonchi. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pamita, dikirani ola limodzi wina asatunge. Manambala akuda amawerenga ma cubic metre, ndipo imodzi ndi malita 1,000. Ofiira ndiwo amaonetsa malita. Akasuntha, madzi akuthawa penapake. Woyamba kumukayikira ndi thanki ya chimbudzi. Thirani madontho a utoto wa zakudya m'thankimo, musagejemule kwa mphindi 20. Utoto ukaoneka m'mbale ya chimbudzi ndiye kuti rabala ya pansi yatha. Ngati madzi akutayikira papaipi yosefukira, vuto ndi mpira woyandama wa m'thankimo kapena washa wake, zinthu zotsika mtengo. Chimbudzi chikapezeka chilibe mlandu, yendani motsata paipi panja: pomwe udzu wabiriwira pakati pa chilimwe kapena khoma lachita chinyezi m'munsi, pakumbidwe pamenepo.

Funso: Giza yathu ili kudenga ndipo siling'i yayamba kunyowa. Tichite chiyani mmisiri asanafike? — Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre

Yankho: Yambani ndi magetsi, mayi. Zimitsani switch ya giza pabokosi la magetsi, kenako tsekani madzi olowa. Mukayamba ndi madzi, giza ikaphwa elementi, chitsulo chotenthetsa madzi, imapsa. Tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti mphamvu ichepe, chotsani katundu pansi pake, ndipo ngati siling'i yafufuma ibooleni ndi msomali pakati mutatchera ndowa. Giza ya malita 150 yasenza makilogalamu 150 a madzi okha, choncho musaime pansi pa bolodi lonyowa.

Apa m'pofunika pulambala amene anaikapo magiza, osati aliyense. Mufunseni aone ngati pali thireyi pansi pa giza yokhala ndi paipi yotulutsira madzi panja, valavu yochepetsa mphamvu ya madzi yogwirizana ndi nambala yolembedwa pagizapo, kaya 400 kapena 600 kPa (muyeso wa mphamvu ya madzi), ndi thermostat, kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akatentha mokwanira, yoikidwa pa madigiri 60. Kapaipi kochokera pavalavuyo kupita panja kakamadontha pang'ono madzi akamatentha, si vuto, ndi momwe giza imapumira. Mmisiri akanena kuti atseke kapaipiko kapena valavu yotetezera, imene imatulutsa madzi mphamvu kapena kutentha zikapitirira, ndi pulagi kuti kudontha kuthe, mukanizeni, chifukwa thermostat ikadzafa nthunzi idzasowa potulukira ndipo thankiyo ikhoza kuphulika.