Mafunso Anu pa Kanema: Mafilimu Akale a Makawuboyi

Funso: Bambo anga sasiya kukamba za mafilimu a makawuboyi amene ankaonera ali mnyamata. Ndikufuna ndiwaone ndi maso anga. Ndiyambire pati? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Yankho: Yambirani pa The Magnificent Seven ya 1960, ya mphindi 128. Nkhani yake siifuna womasulira. Achifwamba amabwera pamudzi wina wa ku Mexico nthawi yokolola n'kukokolola chakudya, mpaka alimi atatopa anasonkha kangachepe n'kukalemba ganyu amuna asanu ndi awiri odziwa mfuti. Muli Yul Brynner, Steve McQueen, Charles Bronson ndi James Coburn. Nkhaniyi inatengedwa ku filimu ya ku Japan, Seven Samurai ya 1954. Pokopetsa onetsetsani chaka, chifukwa ilipo ina ya dzina lomweli ya 2016, ya Denzel Washington, ndipo si imene bambo anu akunena.

Yachiwiri ikhale High Noon ya 1952. Ndi yopanda mitundu, koma isakugwetseni ulesi. Gary Cooper ndi wapolisi wamkulu wa tauni amene wangomanga kumene ukwati, kenako akumva kuti munthu amene anamumangitsa watuluka m'ndende ndipo afika pa sitima ya 12 koloko masana. Akuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo, mpaka kutchalitchi, aliyense akupeza chonamizira. Filimuyi ndi ya mphindi 85 ndipo nthawi ya m'nkhani imayenda pafupifupi limodzi ndi wotchi yanu. Kuwomberana kuli kumapeto kokha. Wosewera wotchuka John Wayne sanaikonde, ndipo wopanga mafilimu Howard Hawks ankati wapolisi weniweni sapemphetsa thandizo, ndiye awiriwa anapanga Rio Bravo mu 1959 ngati kuiyankha. Muonere zonse ziwiri motsatizana, muweruze nokha mlanduwo.

Once Upon a Time in the West ya 1968 muisunge komaliza. Imayamba ndi mphindi zoposa khumi za amuna atatu akudikira sitima, ntchentche ikuvutitsa wina, madzi akudontha pa chipewa cha mnzake. Amene sanazolowere amaganiza kuti filimu yaima.

Funso: Ndinakopetsa The Good, the Bad and the Ugly pa fulashi, koma milomo ya anthu sikugwirizana ndi mawu. Kodi anandipatsa yowonongeka? (Wowerenga wa ku Balaka)

Yankho: Mwina ayi. Filimuyi, ya 1966, ndi ya Sergio Leone wa ku Italy, ndipo mbali yaikulu inajambulidwa ku Spain: chipululu cha ku Almería, ndi dera la Burgos kumene asilikali a dzikolo anamanga manda a Sad Hill oonekera kumapeto kwa filimuyi. Ku Italy masiku amenewo ankajambula zithunzi zokha, mawu n'kudzaikamo pambuyo m'situdiyo. Clint Eastwood, Lee Van Cleef ndi Eli Wallach ankalankhula Chingelezi, pamene ambiri mwa anzawo ankalankhula Chitaliyana kapena Chisipanishi. N'chifukwa chake milomo ya atatuwa imagwirizana ndi mawu, ya enawo ayi.

Yesani motere. Yang'anani pakamwa pa Eastwood, ndiponso pamene mfuti ikulira. Ngati utsi ukutuluka ndipo phokoso likubwera mochedwa, fayilo ndiyo yalakwika pokopa. Mu VLC, pulogalamu yoonera mafilimu pa kompyuta, mabatani a J ndi K amakankha mawu kutsogolo kapena kumbuyo pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Ngati mfuti ili bwino, palibe chokonza.

Chinanso n'chakuti filimuyi ilipo mitundu iwiri yodziwika: ya mphindi 161, ndi yotalikitsidwa ya mphindi pafupifupi 178. M'zigawo zowonjezerazo Eastwood ndi Wallach anaikamo mawu awo atakalamba, ndipo a Van Cleef, amene anamwalira mu 1989, anawalankhulira munthu wina. Khutu limamva ndithu kuti mawu asintha. Kwa ife ya mphindi 161 ndiyo imayenda bwino. Mukaona yanu ikuthera pa mphindi 155 kapena pafupi, sanaidule: ma DVD a ku Europe amathamangitsa zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24.

Funso: Mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa TV imandinyansa. Ndiichotse bwanji? (Wowerenga wa ku Chipata)

Yankho: Isiyeni, mayi. Mafilimu a Leone anajambulidwa otambalala, mulifupi kuposa kawiri msinkhu wake. Mukadina zoom kuti chithunzi chidzaze TV, mbali zimadulidwa, ndipo pamanda paja mu The Good, the Bad and the Ugly pamene amuna atatu aimirira motalikirana, mmodzi amasowa. High Noon ndi Stagecoach ya 1939 zili ndi vuto lotembenuka: mizere imakhala kumanzere ndi kumanja. Mukazitambasula, akavalo amaoneka onenepa ngati ng'ombe zodyetsera m'khola.

Funso: Ndaona mafilimu ambiri olembedwa Django. Weniweni ndi uti? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Yankho: Ndi wa 1966, wa Sergio Corbucci, amene Franco Nero akuyenda m'matope akukoka bokosi la maliro lokhala ndi mfuti ya chiwaya mkati. Itatchuka, amalonda anamata dzinali pa mafilimu ambirimbiri osakhudzana nayo. Ndi yankhanza, muli pamene munthu akudulidwa khutu, choncho ana agone kaye. Ngati mukufuna yoonera banja lonse, pezani They Call Me Trinity ya 1970, ya Terence Hill ndi Bud Spencer, momwe makofi ndi nyemba za m'chiwaya zimachuluka kuposa zipolopolo.

Funso: Kodi makawuboyi onse anali azungu? Nanga n'chifukwa chiyani eni nthaka amaoneka oipa nthawi zonse? (Mphunzitsi wa ku Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, apa mafilimu ananama kwambiri. Akatswiri ambiri a mbiri amati mwa abusa a ng'ombe anayi aliwonse a ku Texas pambuyo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America imene inatha mu 1865, mmodzi anali wakuda, ndipo enanso ambiri anali a ku Mexico. Ntchito yawo inali kukusa ng'ombe ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu kukafika kunjanji ku Kansas, osati kuwomberana m'mabala. Onerani Sergeant Rutledge ya 1960, momwe Woody Strode ndi msilikali wakuda woimbidwa mlandu wabodza, ndi Buck and the Preacher ya 1972, ya Sidney Poitier ndi Harry Belafonte, yonena za anthu omasulidwa ku ukapolo akufunafuna malo okhala.

Za eni nthaka, monga Akomanchi ndi Aapachi, mafilimu ambiri akale amawaonetsa akuukira popanda kufotokoza kuti dziko lawo ndilo linkalandidwa. The Searchers ya 1956 ya John Ford ndiyo yoyenera kukambirana m'kalasi. John Wayne akusaka mwana wa mchimwene wake amene anatengedwa ndi Akomanchi, zaka zisanu, koma chidani chamudya mpaka akufuna kupha mwana yemweyo chifukwa wakhala mkazi wa mfumu yawo. Komabe mfumuyo, Scar, anaisewera mzungu wobadwira ku Germany, Henry Brandon, atamupaka nkhope.