Mitundu inawala pa kompyuta, papepala yathimbirira

Funso: Akonzi, ndine mlembi wa kalabu ya alimi ku Dedza, ndipo ndakonza kabuku ka masamba 14 kofotokoza kapangidwe ka manyowa. Pa kompyuta mitundu yobiriwira ndi yofiira inkawala bwino, koma titasindikiza kamodzi koyesera yobiriwirayo yathimbirira, ndipo osindikiza akuti masamba 14 sangatheke. Kodi ndalakwitsa pati?

Yankho: A mlembi, osindikizawo akunena zoona. Kabuku komangidwa ndi mawaya pakati kamapangidwa ndi mapepala opindidwa, ndipo pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba 4 a A5, choncho chiwerengero chiyenera kukhala 8, 12, 16 kapena 20. Musanabwerere pa kompyuta, tengani mapepala 4, muwapinde pamodzi, mulembe manambala ndi pensulo, kenako muwamasule. Mudzaona ndi maso anu kuti tsamba 16 lagona pambali pa tsamba 1, ndipo tsamba 2 lili ndi 15. Kabuku kanu kakhale ka masamba 16, ndipo masamba awiri owonjezerawo musawadandaule, muikepo tebulo loti mlimi azilembapo tsiku limene watembenuza mulu wake wa manyowa.

Za mitunduzo, kompyuta imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi zotchedwa CMYK, ndipo kubiriwira kowala kwambiri kuja inki siingakufikire, makamaka papepala wamba lomwe limamwa inki. Nchifukwa chake mtundu uyenera kusankhidwa poyang'ana papepala. Sindikizani tsamba limodzi lokhala ndi timabokosi tobiriwira mosiyanasiyana, mutuluke nalo panja, musankhe komwe kakukomerani.

Ine ndingakulangizeni kuti mitundu iwiri ikukwanireni, wakuda pa mawu ndi wobiriwira pa mitu. Chifukwa changa chachikulu n'chakuti kabuku kothandiza kotereka, mabuku akatha, anthu amakachulukitsa pa fotokope, ndipo kumeneko chofiira ndi chobiriwira zimasanduka zotuwa pafupifupi mofanana. Ngati chenjezo lanu likudziwika ndi mtundu wokha, lidzasowa. Likuteni ndi mzere, kapena mulilembe ndi zilembo zonenepa.

Chinanso chomwe ambiri amachiphonya ndi kutalika kwa mawu a Chichewa. Mawu ngati "mukamawatembenuza" akaikidwa m'danga lopapatiza lomwe mbali zonse zawongoledwa, mzere umatsala ndi mipata ikuluikulu yosokoneza maso. Patsamba la A5 danga limodzi lotambalala, lowongoledwa kumanzere kokha, limawerengeka bwino, ndipo zilembo za saizi 12 zimathandiza achikulire. Onetsetsaninso kuti zilembo zomwe mwasankha zili ndi ŵ ngati mumamulemba.

Chithunzi chomwe mukufuna chifike m'mphepete chipitirire ndi mamilimita 3, kuti podula pasatsale kamzere koyera, ndipo kwa osindikiza mupititse kabukuka ngati fayilo ya mtundu wa PDF kuti zomwe mwayala zisasunthe.