Kunyada kapena kunyadira?

Funso: Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Joni, cha ku Rosettenville. Pa 28 Juni 2020, malire ali otseka chifukwa cha Covid-19, tinaunjikana anthu asanu pa foni imodzi kuonera a Lazarus Chakwera akulumbira ku Lilongwe. Nyimbo ya fuko itayamba, misozi inalengeza m'maso, ndipo ndinalemba pa gulu la WhatsApp la kumudzi kuti "lero ndanyada". Malume anayankha kuti, "Mphwanga, marandi akuyambitsa matama?" Mpaka pano amandiseka nazo. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, malume anu akunena zoona, ngakhale chipongwe anawonjezako. Mwasiya zilembo ziwiri zokha, koma zolemera. Kunyada, palokha, ndi khalidwe la munthu wodzimva: wobwera kumudzi pa Khrisimasi atavala magalasi akuda, wosagwira chanza cha agogo, wokana nsima ya mgaiwa. Ameneyo timati wonyada, ndipo si chiyamikiro ayi.

Inu munali ndi chinthu chimene chinakufufumitsa mtima, ndiye mneni afunika kamphatikira -ir- kamene kamaloza chinthucho: "Lero ndanyadira dziko langa." Panalidi chonyadira, paja khoti linali litafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019 mu Febuluwale 2020, anthu n'kukavotanso pa 23 Juni. Kamphatikira kameneka kamamvera lembo la liwu la m'tsinde. Pambuyo pa a, i, u timamva -ir-, monga nyadira, lirira, vulira. Pambuyo pa e ndi o kamasanduka -er-: kukondwa kumapereka kukondwera, osati kukondwira.

Chenjerani pang'ono mukaika munthu m'malo mwa dziko. "Mwanayu ndimamunyadira" ndi mawu okoma, koma mayi akadandaula kuti "chibwerereni ku Joni akutinyadira", tanthauzo latembenuka, akunena kuti munthuyo akuwayang'anira pansi. Chimasiyanitsa ndi nkhani imene ili pakamwa.

Pa mawu oti "akulumbira" simunaphonye. Amene wagwira Baibulo ndiye amalumbira, ndipo mkulu wa oweruza milandu, amene tsikulo anali a Andrew Nyirenda, amalumbiritsa. Atolankhani amakonda "walumbiritsidwa", si kulakwa, kungoti lilime limatopa. Chimene ine chimandiwawa m'khutu ndi kumva wina akuti Pulezidenti "walongedwa ufumu". Kulonga n'kwa mafumu, amene mpando wawo umayenda m'magazi a mbumba. Wa voti amalumbira, zaka zisanu zikatha n'kubweranso kudzatipempha.

Malumewo muwalembere lero kuti mumawanyadira, tione ngati amve tanthauzo loyamba kapena lachiwiri.