Dzuwa lilipo, mitsinje ilipo, nanga magetsi akukanikiranji kufika?

Aphunzitsi ena a sekondale andilembera imelo sabata yathayi. Ana a m'kalasi mwawo anawafunsa chifukwa chake Africa, yomwe ili ndi dzuwa lowomba chaka chonse komanso mitsinje ikuluikulu ngati Congo, Nile ndi Zambezi, ikadali ndi anthu pafupifupi 600 miliyoni opanda magetsi. Iwo akuganiza kuti mankhwala ake n'kumanga madamu ambiri ngati lija la ku Ethiopia, ndipo akufuna kumva maganizo anga.

Aphunzitsi, madamu sindikuwakana ayi. La ku Ethiopia lija, pa mtsinje wa Blue Nile, anayamba kulimanga mu 2011 n'kulitsegulira mu 2025, ndipo lingathe kupanga mamegawati (muyeso wa mphamvu ya magetsi) opitirira 5,000. Ndi ntchito yoti tiinyadire. Koma kupanga magetsi ndi ntchito ina, kuwafikitsa pakhomo pa munthu ndi ntchito inanso, ndipo ine ndimaona kuti tikugwa kwambiri pa yachiwiriyi.

Tengani Cahora Bassa ku Tete, m'dziko la Mozambique. Damu limeneli linatha kumangidwa mu 1974 ndipo limapanga mamegawati pafupifupi 2,000. Gawo lalikulu la magetsiwo limakwera nthambo zoyenda makilomita pafupifupi 1,400 kukatsikira ku South Africa. Nthambo zimenezo anazipangira kunyamula mphamvu yochuluka kuchoka kuno kukafika uko, moti simungangopatutsako pakati pa njira. Mwana wa m'mudzi womwe uli pansi pake amaziona zikudutsa pamwamba pa munda wa makolo ake, usiku n'kumawerengera tochi ya pafoni. Kuti mudziwo uwale pamafunika siteshoni yotsitsa mphamvu, thiransifoma, mapolo, mawaya, mita, ndiponso munthu wokhoza kulipira zolumikizitsa. Zinthu zimenezi palibe mtsogoleri amene amakadulira riboni, n'chifukwa chake zimatsalira m'mbuyo.

Kenya inalawapo zowawa zake. Pafupi ndi nyanja ya Turkana anaimika makina 365 oyendera mphepo, opanga mamegawati 310, ndipo anatha mu 2017. Koma nthambo ya makilomita opitirira 400 yopita ku Suswa, kokalumikiza magetsiwo ku nthambo za dziko lonse, inachedwa mpaka 2018. Makinawo anangoima kupitirira chaka, boma n'kulipira magetsi omwe palibe anawagwiritsa ntchito.

Ku Nigeria ndiye nkhani yake imandipweteka mtima. Makina amene anaikidwa angathe kupanga mamegawati pafupifupi 13,000, koma amene amafika kwa anthu nthawi zambiri sapitirira 5,000, m'dziko la anthu oposa 200 miliyoni. Kumeneko vuto si kusowa pansi pa nthaka kwa gasi woyendetsera makinawo. Nthambo n'zakale, makampani ogawa magetsi satolera ndalama zokwanira, ndiye opanga magetsi salipidwa mokwanira, nawonso amalephera kulipira ogulitsa gasi. Mapeto ake wometa tsitsi, wosoka zovala, wogulitsa zakumwa zozizira, aliyense ali ndi jenereta pakhonde, akulipira mafuta okwera mtengo kuposa mayuniti amene akanagula.

Apa ndi pamene pagona nkhani, Aphunzitsi, ndipo muwauze anawo mosabisa. Makampani ambiri a magetsi a boma muno mu Africa ali m'ngongole mpaka m'khosi. Amagulitsa magetsi pamtengo wosabweza zimene awononga, ena amabedwa ndi olumikiza mwachinyengo, ena amatayikira m'mawaya otha, ndipo nthawi zina maofesi a boma lenilenilo ndi amene salipira mabilu. Kampani yotere ikafuna kukongola, mabanki amaiona ngati munthu wosabweza, n'kuiikira chiwongoladzanja chachikulu. Pa sola ndi mphepo zimenezi zimaluma kwambiri, chifukwa dzuwa ndi laulere koma ndalama zonse zimalowa pachiyambi pogula zipangizo, ndiye mtengo wa magetsiwo umatsatira chiwongoladzanja. Dziko ngati Germany, lomwe dzuwa lake ndi lochepa, limakongola motchipa kuposa mayiko athu. Zimenezi ine ndimaziona kuti n'zopanda chilungamo, koma sindingaloze chala kunja kokha pomwe mabilu akukanika kulipidwa kwathu komwe kuno.

Madamu alinso ndi kufooka kwawo. Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku damu la Kariba, ndipo ku Zambia anthu ena ankakhala maola 21 patsiku opanda magetsi. Kenya yomwe ija yapepukidwako chifukwa imadalira zinthu zingapo: nthunzi yotentha ya pansi pa nthaka ku Olkaria, mphepo, madzi, kuphatikizapo magetsi amene yakhala ikugula ku Ethiopia kuyambira 2022. Kum'mwera kuno mayiko anakhazikitsa Southern African Power Pool mu 1995 kuti azigulitsana magetsi, koma nthambo zolumikiza mayikowo n'zochepabe, ndipo chilala chikagwa chigawo chonse ogula amachuluka kuposa ogulitsa.

Nanga timasola ta padenga, tolipira pang'onopang'ono pafoni, monga timene inayamba kugulitsa kampani ya M-KOPA ku Kenya? N'tabwino, tachotsa utsi wa parafini m'nyumba zambiri. Koma kasola koyatsa mababu atatu ndi kutchaja foni sikayendetsa chigayo, sikawotcherera chitsulo, sikasunga katemera mufiriji ya pachipatala. Kumadera akutali chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi siteshoni ya sola ya mudzi wonse, yokhala ndi mabatire ndi mawaya ake, yomangidwa pamene pali msika, chigayo kapena ulimi wothirira. Anthu akamapezerapo ndalama amatha kulipira, ndipo siteshoniyo imakhalitsa.

Mu 2024 World Bank ndi African Development Bank analengeza ndondomeko ya Mission 300, yofuna kulumikiza anthu 300 miliyoni pofika 2030. Ndikuifunira zabwino ndi mtima wonse. Koma lipoti likadzatuluka ndidzafuna kudziwa kuti m'nyumba zolumikizidwazo magetsi amayaka maola angati patsiku, komanso kuti thiransifoma ikapsa pamatenga masiku angati kuti abweretse ina. Mafunso awiriwa anawo angathenso kukafunsa makolo ndi anansi awo, n'kubwera ndi mayankho m'kalasi.