Mwana wanga amayezera shuga pa foni, koma sukulu yaletsa mafoni

Funso: Sukulu imene amaphunzira mwana wanga wamkazi wa zaka 15 yaika lamulo loti mafoni onse azisiyidwa ku ofesi m'mawa n'kukatengedwa poweruka. Mwanayu ali ndi matenda a shuga, ndipo kachipangizo kamene amavala pamkono kamatumiza mlingo wa shuga ku foni yake. Iye wakwiya kwambiri, ine nkhawa yandigwira. Kodi ndipite ndikatsutse lamuloli? — Mayi wodandaula

Yankho: Amayi, pitani kusukuluko mawa lomwe, koma musakalimbane ndi lamulo lonse. Mukakangoyamba ndi mawu akuti "lamulo lanuli ndi loipa", mphunzitsi wamkulu akuikani m'gulu la makolo amene akuikira kumbuyo ana okonda TikTok, ndipo zotsalazo sazimvanso. Inu mukufuna chilolezo chapadera cha mwana mmodzi, basi.

Pempho lanulo si lachilendo. Dziko la France litaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 mu 2018, lamulo lomwelo linasiya mpata kwa ana olumala kapena odwala. Ku Netherlands, kumene analetsa mafoni m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024, anachitanso chimodzimodzi. Malangizo amene boma linapereka ku sukulu za ku England mu Febuluwale 2024 anatchula ndithu za ana a shuga amene amadalira foni poyeza magazi awo.

Mutenge kalata ya dokotala. Ilembedwe mosapita m'mbali kuti kachipangizoko kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, imene imagwira ntchito pafupi pokha, ndiye foniyo ikakhala ku ofesi mwanayo ali m'kalasi, siilandira mlingo wa shuga ndipo mwanayo sadzamva belu la pafoni lochenjeza kuti shuga watsika. Aphunzitsi ambiri sazidziwa zimenezi. Amaganiza kuti kuyang'ana kamodzi pa nthawi yopuma n'kokwanira. Kenako mugwirizane zinthu zooneka ndi maso. Foni izikhala kuti, m'thumba la yunifolomu kapena m'chikwama? Belu likalira, mwanayo atuluke kapena adye kanthu kotsekemera ali pomwepo? Nanga mphunzitsi wongogwirizira kalasi tsiku limodzi amuuza ndani? Musaiwale mayeso. Foni m'chipinda cha mayeso ndi mlandu waukulu pafupifupi kulikonse, choncho chilolezo chake chimapemphedwa padakali miyezi, osati m'mawa wa tsiku lolemba. Zonsezi zilembedwe ndipo kope imodzi ikhale ndi inu. Pangano la pakamwa limatha mphunzitsi wamkulu akasamutsidwa.

Tsono pa lamulo lenilenilo, ine ndili mbali ya sukulu. Mu 2015 akatswiri a ku London School of Economics anaunika zotsatira za mayeso m'sukulu 91 za ku England. Anapeza kuti sukulu zitaletsa mafoni, ana anayamba kukhoza bwinoko, ndipo opindula kwambiri anali aja amene ankatsalira m'mbuyo. Anzeru kale aja sanasinthe kwenikweni. Zimenezi n'zomveka kwa aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi: mwana amene masamu akumuvuta ndi amene amayamba kusuzumira pansi pa desiki, ndipo akamadzutsa mutu anzake ali kale pa sitepe yachitatu.

Komabe makolo asaone ngati sukulu yawathera ntchito. Kafukufuku wa yunivesite ya Birmingham wa mu 2025, amene anayerekeza sukulu 30, sanapeze kusiyana kwenikweni pa thanzi la maganizo ngakhale pa magiredi pakati pa sukulu zoletsa ndi zololeza. Maola onse amene ana ankathera pa foni pa sabata sanatsike kwenikweni. Mwana womanidwa masana akhoza kukabwezera usiku, tulo n'kuperewera. Kwa mwana wanuyu nkhaniyi ndi yovutirapo, chifukwa simungamulande foni pogona monga amachitira makolo ena, poti belu lija likufunika usikunso. Chimene mungachite n'kutchera foniyo kuti mapulogalamu ochezera azitsekeka nthawi yogona ikakwana, ya shuga yokha n'kutsala yotsegula. Android ndi iPhone zonse zili ndi njira yochitira zimenezi.

Ndipo iwe mwanawe, ngati mayi ako akuwerengera yankholi, imva. Ukapatsidwa chilolezo udzakhala wekha wokhala ndi foni m'kalasi monse. Anzako adzabwera: "Tabwereke kamphindi, ndingoyankha meseji imodzi." Ukane, ngakhale ali mnzako wapamtima. Tsiku limene foni yako idzagwidwe m'manja mwa wina, kapena iweyo uli pa WhatsApp pakati pa phunziro, aphunzitsi adzayamba kukayikira belu lililonse, ndipo mayi ako adzayambiranso kupempha, ulendo uno movutikira.