Diso lotong'oka pambuyo pa melanoma ya kuphazi

Mwafunsa ngati diso la bambo anu, lomwe latong'oka n'kumawaonetsa zinthu ziwiriziwiri, likukhudzana ndi melanoma (mtundu wa khansa ya pakhungu) imene anawachotsa kuphazi. N'zotheka ndithu, chifukwa khansayi imayenda m'magazi n'kukamera kuseri kwa diso, nthawi zina m'minofu yoyendetsa disolo. Madokotala adzawajambula ndi makina a CT kapena MRI, kenako adzadula kachidutswa ka chotupacho kuti akakapime, ndipo mapapo, chiwindi ndi ubongo ziyeneranso kuunikidwa.

Chotupacho chimatha kuwotchedwa ndi radiotherapy (cheza champhamvu chopha maselo a khansa), koma popeza matendawa amakhala atafalikira, pamafunikanso mankhwala olimbikitsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab kapena nivolumab. Mankhwala a dabrafenib ndi trametinib amathandiza okhawo amene jini (malangizo a m'maselo) yotchedwa BRAF inasintha m'chotupa chawo, zomwe sizipezekapezeka pa melanoma ya kuphazi. Kuchotsa diso sikuchitika kawirikawiri. Apititseni kuchipatala msanga, mutatenga zotsatira za opaleshoni yoyamba ija.