Zoti ana avale gule pa cultural day, ayi chonde

Aphunzitsi, zoti ana anu adzipangire zigoba avine gule wamkulu pa cultural day yo ayi chonde, ndangowerenga zomwe mwalembazo mtima wanga myuu, ife zinationekera kuno ku Dedza ndili mu komiti ya sukulu. Tinagwirizana bwinobwino, atsikana chimtali, anyamata mganda, ana ochokera cha ku Ntcheu ingoma, amayi aphike thobwa, futali, nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa, makolo tonse tinasonkha. Za gule ine ndinanena mu miting'i kuti tikagwade kwa a gulupu, eni mzinda atitulutsire okha gule weniweni. Ahedi akuti aaa zimenezo ndi zodya ndalama, ana apanga okha ndi makatoni, ndi Expressive Arts basi. Ndinabwereza, anangondiseka.

Tsikulo bwalo linadzaza, a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale m'dera lathu, pampando wakutsogolo, mafumu pansi pa mtengo wa mango. Mganda utatha MC nkukuwa kuti tsopano gule wamkulu! Kutulukira tianyamata ta sitandade 6 titavala masaka, nthenga zankhuku m'mutu, kumaso katoni yoboola maso. Ena kuseka, mafoni m'mwamba kujambula. Ndiye kamodzi kakuti kadumphe, katoni ija thii pansi, nkhope poyera, mayi wina kumbuyo nkufuula dzina lake mokondwa kuti uyo mwana wanga uyo! Abale. Oyimba ng'oma aja anali amuna am'mudzi ometa kale, tinawabwereka pa mganda, anangotsamiritsa ng'oma pansi. Bwalo lonse zii. A gulupu anadzuka osayankhula kanthu, nyakwawa pambuyo, kenako amuna onse mmodzimmodzi, kutsala azimayi ndi ana akuyang'anizana.

Inu nonse mukudziwa, kwa Achewa chilombo si munthu, ndi mzimu wa makolo. Wosalowa dambwe sangavale, ndipo kuonetsa nkhope pamaso pa azimayi ndi ana ndi mlandu waukulu. Nanga ahedi aja anali kuti? Anathawira muofesi nkukhoma chitseko. Ine ndi amene ndinathamangira a gulupu kunjira, kugwada pafumbi ndi chitenje changa chatsopano ndikuwomba m'manja, iwo osandiyang'ana nkomwe, anangoti tikaonana kubwalo. Tiana tija tikulira kuseri kwa kalasi tikung'amba masaka, makolo anachita kukatibisa kwa achibale kuopa zamadzulo. Nsima inazizira m'mapoto, thobwa tinangogawana m'mabigiri.

Mlandu unagwa, mbuzi ndi nkhuku, ndalama yake inachoka pa zomwe tinkasonkhera madesiki. Makolo ampingo nawonso anatibwerera mbali inayo kuti mwawaveka ana athu zachinyau ndani anakuuzani. Kenako ndikumva kuti ahedi akauza a PEA kuti maganizo anali a komiti!! Munthu wamkulu ndi tayi yake kunama choncho. Anasamutsidwa koma ine ndikakumana nawo pa boma moni sindipereka.

Ndiye ine ndikuti zoti ana avale gule zisiyeni, magule oti ana avine alipo ambiri, chiterera, chioda, beni, malipenga, kutengera ana anu ndi ochokera kuti. Mukafuna aone zigoba apiteni nawo ku Mua, ku Kungoni kuli nyumba yosungiramo zimenezo ndipo amafotokoza tanthauzo la Chadzunda, Maliya ndi Kasiyamaliro mwaulemu wake. Komanso kunena zoona cultural day yopanda gule kuno kwathu anthu sabwera, amangoti ndi za ana. Gule ameneyu a UNESCO anamuzindikira mu 2005, ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ku Mkaika ku Zambia amavina mu Ogasiti pamaso pa alendo ochokera Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiye si chinthu chobisa ayi, muitaneni ndithu. Bola mudzere kwa mfumu ndi kankhuku m'manja, atsabwalo abwere okha ayang'anire, ana akhale patali aziombera m'manja. Ndipo chilichonse mwagwirizana mu miting'i chilembedwe mu maminitsi ahedi asayine, ndalama asunge msungichuma wa komiti osati muofesi.